Dokotala Wako Amawerenga ndi Makutu

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, ndipo chifuwa chija unkadandaula nacho chinakusiya. Kaya kuzizira kwa kumeneko wayamba kukuzolowera? Pa chithunzi chimene unatitumizira posachedwa unaoneka wonenepa m'masaya, koma maso anali ofiira ngati a munthu wosagona. Uzipumako, ntchito ya eni isakuthere thupi.

Kuno tilipo. Alamu ako msana ukuwavutabe, koma kudya akudya, ndiye sitidandaula kwenikweni. Saluni ikuyenda mwa apo ndi apo. Chowumitsira tsitsi chimodzi chinapsa, moti makasitomala amadikirana pa chotsalacho uku akundiuza nkhani za anthu amene sindiwadziwa n'komwe. Ine miyendo imatupa madzulo, koma umenewo ndi ukalamba, palibe chachilendo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni iwe sumva, umangolankhula. Ukafunsa funso umadziyankha wekha, ukatero n'kunena kuti abwana akukuitana. Ndiye ndati ndilembe kuti pasakhale pondidula mawu. Ukhale pansi, chifukwa zimene ndikuuzezi zandinyansa kwabasi, ndipo gawo lina la kunyansidwako ndi lako.

Nkhani ndi ya mwana wako wamkazi, uja umamutchula kuti Dokotala. Mwana ameneyu satha kuwerenga.

Ndikukuona wayamba kale kupukusa mutu. Ukuti achemwali akalamba, kapena ayamba nsanje poti ana awo sanapite patali ndi sukulu. Ukukumbuka mavidiyo aja mkazi wako amakujambulira Lamlungu lililonse, mwana atakhala pa sofa, buku m'manja, mawu akutuluka mosadodoma ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Iwe umawaponya pa gulupu ya achibale, ife n'kumatumiza timanja towomba tija. Ndimvetsere kaye mpaka ndimalize.

Mwezi watha, tsiku lina Loweruka, mkazi wako anabwera naye ku saluni kuti ndimuluke. Anati adadi ake amafuna azioneka bwino pa vidiyo. Anamusiya n'kupita kumsika, mwana ali ndi buku la sabata imeneyo m'manja.

Tsikulo kunali kasitomala wina amene anabwera ndi kamwana kongoyamba kumene kuyenda, kosagwirika manja. Ine ndili kusinki kutsuka mutu wa mwana wako, kamwanako kanatola buku pampando, n'kung'amba tsamba limodzi, n'kuliika m'kamwa. Mayi ake anachita manyazi kwambiri. Ndinawauza kuti asavutike, ndilimata likauma. Ndinaliyanika pamwamba pa shelefu ya mafuta, buku n'kulibwezera pampando. Mwini buku sanaone kanthu, anali atatsinzina kuopa thovu.

Nditayamba kuluka, anandipempha kuti ayeserere kuwerenga kwa mawa. Ndinamuuza kuti awerenge, nanenso ndimveko zokoma zimene timangozionera pafoni.

Ukudziwa kuti woluka tsitsi amaima kumbuyo. Foni ya mkazi wako imajambula kutsogolo, imaona nkhope ndi chikuto cha buku basi. Ine ndinali pamwamba pa mutu wake, ndikuona tsamba, ndikuonanso chala chake chikuyenda pansi pa mizere.

Inali nkhani ya dalaivala wa basi amene chipewa chake chinauluka ndi mphepo. Poyamba zonse zinkagwirizana. Atatembenuza n'kufika pamene panachoka tsamba paja, sanaime. Pakamwa pankati dalaivala waimitsa basi, akuthamangitsa chipewa, anthu akukuwa pa mawindo. Koma chala chinkayenda pa mawu onena za mayi wogulitsa tomato amene anatola chipewacho. Mawu amene mwana wako ankawerengawo anali pa shelefu, akuuma malovu a mwana wa eni.

Manja anga anaima okha m'tsitsi. Iye anapitirira mpaka buku linatha, nkhani ya pakamwa isanathe. Anayang'ana chikuto chakumbuyo, anabwerera m'mbuyo, anapitanso kutsogolo.

Ndinapitiriza kuluka mpaka makasitomala atachoka. Titatsala awiri ndinatenga pensulo ya nsidze n'kulemba pa galasi kuti mutu. Ndinamuuza kuti awerenge. Anayang'anitsitsa, milomo ikugwedera. Kenako anandipempha mwaulemu wake wonse uja kuti ndiyambe ndine kutchula, iye amve kaye, akatero awerenga bwinobwino.

Ndinalemba kuti madzi. Chimodzimodzi. Ndinalemba kuti dzanja. Anangoti zilembozo n'zokongola. Dzina lake lokha ndi limene analizindikira, ndipo analizindikira monga momwe munthu amazindikirira nkhope ya mnzake, osati kuti ankadziwa chilembo chimene chikunena chiyani. Mlongo wanga, uyu ndi mwana wa kalasi yachinayi.

Ntchito yangayi yandiphunzitsa kuti munthu amaulula zambiri ngati sakukuyang'ana m'maso. Ndinapukuta galasi, ndinamutembenuzira kukhoma, ndinapitiriza kuluka. Ndipo anayamba kufotokoza yekha, pang'onopang'ono, momwe mphunzitsi wake wapadera amagwirira ntchito.

Ndikunena bambo aja unawalemba ntchito wekha pafoni, amene ankaphunzitsanso mwana wako woyamba. Kuno timawatchula kuti a Jekete, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo, jekete savula. Iwe umawatchula kuti mpulumutsi wa banja lako.

Kumayambiriro kwa sabata a Jekete amasankha nkhani, n'kuiwerenga mokweza akudzijambula mawu pafoni ya mkazi wako. Mwana amamvetsera akachoka kusukulu, amamvetsera akudya, amamvetsera akutsuka mbale, mpaka nkhaniyo italowa m'mutu ngati nyimbo. Ikalowa, amamuphunzitsa kuyendetsa chala, kuti chisathamange ndiponso chisatsalire. Pamene ayenera kutembenuza tsamba amamuikira kadontho ka pensulo. Kuphunzitsa kwake n'komweko.

Malikisi okwera aja amakutumizirawa ndi a mayeso awo omwe. Wolemba mafunso ndi iwo, womuloweza mayankho ndi iwo, wochonga ndi iwo. Homuweki ya kusukulu amailemba pa pepala lapadera, mwana n'kumakopera chilembo ndi chilembo ngati akujambula maluwa.

Koma chonyansa kwambiri ndi ichi. Akuti tsiku lina iwe unafunsa kuti bwanji mwana salakwitsa ngakhale pamodzi. Kuyambira pamenepo a Jekete anayamba kumuphunzitsa kulakwitsa. Amasankha liwu limodzi lalitali, n'kumuuza kuti akafika pamenepo aime, akwinye nkhope, alitchule moduladula, kenako amwetulire ngati wapambana. Anandionetsa momwe amachitira, ndi nsidze zomwe. Kukwinya nkhope kuja unakukonda kuja, mpaka unatilembera pa gulupu kuti taonani Dokotala wanga sagonja, n'kochita kuphunzitsidwa.

Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kukhala pansi n'kumaphunzitsa mwana wamng'ono kanamizidwe koti bambo ake asamugwire! Ndinatuluka panja kukalavula.

Lolemba ndinatseka saluni n'kupita kusukulu kwake. Ndinapeza aphunzitsi a kalasi yake, mayi ofatsa, otopa, choko mpaka m'tsitsi. Nditanena kuti ndine azakhali ake, anapumira m'mwamba n'kunena kuti bola lero kwabwera munthu wina. Anati akhala akuitanitsa makolo kambirimbiri, koma nthawi zonse kumabwera amalume a mwanayu, amene amati banja likudziwa zonse, mwanayu ndi wamanyazi chabe, asamupanikize.

Ndinafunsa kuti amalume ake ati, poti amalume a mwanayu ndimawadziwa onse ndi nsapato zawo zomwe. Anati aja ovala jekete. Ndinangokhala pansi pa kampando ka ana.

Mayiwa anandiuza kuti mwana wako akafunsidwa funso la pakamwa amakhala woyamba kukweza dzanja, ndipo salakwa. Koma pa mayeso olemba amakopera mafunso omwewo m'malo mwa mayankho, ndi zilembo zaukhondo zoti ungaziike pakhoma. Anati chaka chatha sukulu inalangiza kuti abwereze kalasi. Amalume a jeketewo anakana kwamtuwagalu, n'kuwaopseza kuti bambo ake ali kunja, akamva zimenezo amuchotsa pasukulupo ndipo dzina la sukulu liipa.

Kuchoka pamenepo ndinalunjika kunyumba kwako. Ndinawapeza a Jekete atakhala pa mpando wako uja wa pafupi ndi windo, mwendo pamwamba pa unzake, akumwa tiyi m'kapu ya alendo. Mwana anali pansi pakona, timawaya ta foni m'makutu, milomo ikuyenda.

Ukuganiza kuti anachita manyazi? Ngakhale kuphethira! Anandimvetsera mpaka kumapeto, akupemerera tiyi. Kenako anati iwo amapatsa kasitomala chimene akufuna, monga momwe inenso ndimachitira. Anati mayi wa tsitsi lothothoka akabwera ku saluni kufuna lalitali, ndimamuveka wigi, ndipo palibe amanditcha wakuba.

Ndinawayankha kuti mayi wovala wigi amadziwa chimene chili pansi pake, ndipo amasankha yekha ndi mutu wake. Mwanayu anasankha liti? Iwo anangoseka. Anati kuphunzitsa zilembo kumatenga nthawi, ndipo kholo limene lili kutali silidikira. Anati akanakutumizira vidiyo ya mwana akuti a, e, i kwa miyezi, ukanawachotsa ntchito n'kulemba wina wochita zomwezi. Anati imeneyi ndi njira yamakono yolimbitsira mwana mtima, kuwerenga kwenikweniko kumabwera kokha m'tsogolo.

Ndinawalanda kapu ili pakamwa n'kuwatsegulira chitseko. Potuluka anakonza kolala ya jekete, n'kundiuza kuti ali ndi mabanja ena ambiri owadikira. Ndikhulupirira sananame, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiipira kwambiri.

Koma pa mawu awo onse onunkhawo, amodzi anandibaya, chifukwa anali oona. Ukanawachotsadi ntchito. Ndimakudziwa.

Mkazi wako nthawi yonseyi anali ataima pakhomo la khitchini, akupotokola kansalu kopukutira mbale. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anati ankadziwa. Ndinamufunsa kuti mayi amagwira bwanji foni, dzanja osanjenjemera, mwana wake akunama kutsogolo kwake sabata ndi sabata. Sindinamunyengerere, ndipo mpaka lero ndikamuyang'ana mtima umandiwira.

Analira, kenako anayamba kulankhula zimene wakhala akumeza. Anati Lamlungu ukaimba foni sufunsa kuti mwadzuka bwanji, umafunsa kuti vidiyo ili kuti. Anati sabata ina mwana anadwala, thupi lotentha, iwe unati ngakhale chogona angathe kuwerenga kankhani kakafupi. Anati mwana wanu woyamba atabwezedwa ku koleji, unamuuza iyeyo kuti umbuli umenewu ndi wa kuchikazi, kwanu kulibe anthu olephera. Anati kuyambira tsiku limenelo amaopa kukuuza chilichonse chimene sichikuwala.

Kwanu kulibe olephera? Kwanu kwake kuti, kumene ine sindikudziwa? Tinabadwa m'nyumba imodzi, iwe. Usandiyambitse.

Ndiye tibwere kwa mwana woyambayo, uja unkamutchula kuti Injiniya, amene sunamulankhule chibwerereni ku koleji. Masiku ano amamata matayala pa galaja ya pafupi ndi siteji ya basi. Ndinamuitana ku saluni n'kumufunsa za a Jekete. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

Anati iye kuwerenga amatha, poti a Jekete anamupeza ali wamkulu kale. Koma zina zonse zinali zomwezi. Ankamuloweza mayankho a mayeso a zaka zam'mbuyo, ankamulembera zimangirizo, ngakhale kalata yofunsira malo ku koleji analemba ndi iwo. Atafika kumeneko anapatsidwa mabuku n'kuuzidwa kuti awerenge, aganize, alembe maganizo ake. Anati ankakhala mu laibulale tsiku lonse, buku lotsegula, kudikira munthu woti amuuze choti aloweze. Munthuyo sanabwere.

Iwe unalengeza kwa abale onse kuti mwanayu anathera mu mowa ndi atsikana. Mwana uja samwa. Anandiuza kuti ankaona zimene zikuchitikira mlongo wake, koma anati munthu amene bambo ake samulankhula angauze ndani. Polankhula zimenezi ankayang'ana manja ake akuda ndi matayala, ndipo ine ndinasowa pomuyang'ana.

Tsopano wamva chifukwa chake ndikulemba mothamanga. Ndamva kuti walembetsa mwana wamkaziyu kuti mwezi wamawa akalembe mayeso olowera kusukulu yogonera konko, ndiponso wapempha kuti amulumphitse kalasi poti ndi wanzeru zoposa msinkhu wake. Unatiuza pa gulupu, ndi timbendera ndi timoto tomwe.

Taganiza za mwana ameneyu m'chipinda cha mayeso, pakati pa ana osawadziwa, pepala lili patsogolo, akudikira kuti wina ayambe kutchula kuti iye amve kaye. Ndipo tinene kuti mwa tsoka a Jekete ena amupezera njira n'kulowa. Adzakhala kutali ndi aliyense womudziwa, akukopera mafunso mwaukhondo, mpaka tsiku limene adzamubweze ngati mchimwene wake. Pamenepo udzati nayenso ndi atsikana ndi mowa?

Chimene chikundipweteka n'chakuti mwanayu nzeru ali nazo zochuluka. Mwana woloweza buku lathunthu ndi makutu okha, ndi poima pomwe, ndi potsokomola pomwe, si mbuli. Mutu umenewu mwauwononga pa zachabechabe, nonse atatu, kuti iwe uzikhala ndi choonetsa anzako pa nthawi yopuma kuntchito.

Ndikuuze zimene ndachita, ndipo sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsa. Mwana ndinamutenga, akukhala kwathu. Mkazi wako sanakane, amabwera kudzamuona madzulo aliwonse. Zija wakhala ukuuzidwa masabata apitawa kuti kamera ya foni inawonongeka, kamera ili bwinobwino. Ine ndi amene ndinaletsa mavidiyo, ndipo bodza limenelo likhale lomaliza pa nkhani imeneyi.

Aphunzitsi ake aja anandibwereka buku la kalasi yoyamba, n'kundionetsa poyambira. Iwonso amatsala naye kanthawi anzake akaweruka. Akafika ku saluni amakhala pa kampando pafupi ndi galasi, ine ndikuluka, iye akulimbana ndi ma, me, mi. Alamu ako apeza ntchito, amadula zilembo pa makatoni a mafuta, ndipo msana amauiwala. Makasitomala ena amafuna kuthandiza pomunong'oneza, ndiye ndinaika lamulo loti wonong'oneza aliyense atuluka ndi mutu wolukidwa mbali imodzi.

Usaganize kuti zikuyenda mokoma. Mwanayu anazolowera kuba mayankho pankhope za anthu. Ndikalemba liwu sayang'ana liwulo, amayang'ana milomo yanga pa galasi kuti aone ngati igwedere. Moti masiku ano ndimaluma chipeso pomuphunzitsa. Amakwiya, amalira, tsiku lina anaponya pensulo yanga ya nsidze pansi n'kunena kuti njira ya a Jekete inali yosavuta, ndipo aliyense ankamukonda. Ndinamuuza kuti atole pensuloyo, n'kuyambiranso. Kenako ndinapita kuseri kukapukuta maso, poti pa zoti aliyense ankamukonda sananame.

Koma Lachinayi lapitali kunachitika kanthu. Anali ataima pakhomo la saluni, akuyang'ana golosale ya tsidya la msewu, imene ili ndi kabolodi kolembedwa ndi choko. Ndinamumva akung'ung'udza yekha, ma, kenako zi, kenako chete wautali, kenako ra. Anatembenuka n'kundifunsa ngati m'golosalemo amagulitsa mazira. Ndinamuuza kuti ine sindikudziwa, apite akafunse.

Ndinamuwolotsa ndi maso. Analowa, anatuluka, anabwera chothamanga mpaka kuiwala kuyang'ana magalimoto, moti ndinakuwa. Anati alimo, azakhali, mazira alimodi, ndipo palibe anamuuza. Anabwereza kangapo kuti palibe anamuuza. Kasitomala amene ndinkamuluka anadabwa kuona mayi wamkulu ndikulira chifukwa cha mazira.

Liwu limodzi, mlongo wanga, pa msinkhu umenewu. Si zoti ungaponye pa gulupu. Koma ndi liwu loyamba limene mwana wako wawerenga chibadwire.

Ndiye ndikukupempha, ine amene ndinakubereka kumsana amayi akapita kuntchito. Mayeso a mwezi wamawawo uwaimitse. Ulole mwana abwerere m'mbuyo kalasi, ngakhale awiri ngati aphunzitsi ake atero. Anzako akakufunsa, uwauze kuti akuphunzira kuwerenga, sudzafa nazo. Dzina la Dokotala ulisiye kaye, likumulemera. Ndipo mwana wako wamwamuna umuimbire. Sindikuuza zoti ukanene, nambala yake sinasinthe.

Chatsala ndi chimene chandivuta kwambiri kulemba. Dzulo ndikumumasula tsitsi, anandifunsa ngati ndakuuza. Ndinati ndikulemba. Kenako anafunsa ngati adadi akadziwa adzasiya kumuimbira monga anasiyira achimwene. Anafunsa mosalira, ngati munthu amene waganiza kale za yankho ndipo akungofuna kukonzeka.

Ndinamuuza kuti sudzasiya. Ndinalonjeza m'malo mwako, ndisanakufunse. Usandisandutse wabodza kwa mwana amene wazunguliridwa kale ndi akuluakulu abodza.

Atamva zimenezo anapempha chinthu chimene ine sindikanachiganiza. Akufuna akuwerengere iweyo, maso ndi maso pafoni, osati zojambuliratu. Akuti usankhe wekha liwu, ulilembe pa pepala kumeneko, uliloze ku kamera, kuti udziwe kuti palibe amene wamuuza. Ndinamufunsa ngati sakuopa kulakwitsa. Anati akuopa.

Kalatayi ikakupeza, uimbe Lamlungu lotsatira masana, pafoni yanga. Adzachedwa. Adzayamba, adzaima, mwina adzatchula chilembo china m'malo mwa china, ndipo nkhope imene adzakwinye tsiku limenelo siidzakhala yokongola ngati ija unazolowera. Usamuthandize. Usapumire m'mwamba, usayang'ane wotchi, usanene kuti abwana akukuitana. Mwanayu zilembo zikumuvuta, koma nkhope ya munthu amaiwerenga kuposa tonsefe, ndipo akangoona kukhumudwa pa yako, ine ndi aphunzitsi ake tidzakhala tagwira ntchito pachabe.

Ngati ukuona kuti sungathe kudziletsa, undiuze ine poyamba, ndimukonzekeretse. Koma ndikukhulupirira kuti ungathe. Ndakukalipira m'kalata yonseyi chifukwa ndikudziwa kuti ana ako umawakonda, kungoti wakhala ukukonda kwambiri zimene umaona pafoni.

Alamu ako akupereka moni, akuti mankhwala opaka aja unawatumizira anawathandiza. Ana anga onse akupereka moni kwa amalume awo. Undiperekere moni kwa msuweni wathu amene uli naye kumeneko pamodzi ndi akazi ake, uwauze kuti sitinawaiwale. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetse mtima pamene ukupinda kalatayi.

Liwulo ulembe ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo likhale lalifupi.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Azakhali a ana ako.